Poika pampu yothandizira mafuta m'ndege yodzipangira nokha

Pampu yamagetsi yothandizira mafuta, imene opanga ndege amaitcha boost pump, ndi kachipangizo koti n'kukwana m'dzanja limodzi. Ili ndi ntchito zitatu: kudzaza mapaipi injini isanalizidwe, kulowa m'malo pampu ya pa injini ikafa, ndi kukankha mafuta akayamba kuwira m'paipi. Yachitatuyi ndiyo imalamula malo oiika. Pampu imakankha bwino, koma pa kuyamwa ndi yofooka. Choncho ikhale pansi, pozizira, pafupi ndi thanki, kuti mafuta aziipeza okha, iyo n'kumangowakankhira kutsogolo.

Chimene chimawiritsa mafuta m'paipi

Petulo sadikira kutentha kwa madzi a tiyi kuti asanduke nthunzi. Chimamugwira kuti akhalebe wamadzimadzi ndi kulemera kwa mpweya umene ukumupanikiza. Mafuta a ndege a 100LL, akatentha kufika 38°C, nthunzi yake imakankha ndi presha ya pakati pa 5.5 ndi 7 psi (psi ndi muyeso wa presha). Petulo wa galimoto amafika 9 psi, ndipo wa m'nyengo yachisanu kumaiko ozizira amatha kufika 15. Tsono mpweya wakunja umapanikiza ndi 14.7 psi m'mphepete mwa nyanja yamchere, 12.2 psi pa mafiti 5,000, ndi pafupifupi 10 psi pa mafiti 10,000. Kusiyana kwa presha ya mpweya wakunja ndi presha ya nthunzi ndiwo mpata wanu wonse.

Pampu ikamayamwa imatsitsa presha m'paipi ya kumbuyo kwake, ndiye mpata uja umachepa. Chilichonse chimene mafuta akudutsamo asanafike pa pampu chimadyako: valavu, sefa, kona iliyonse, kutalika kwa paipi, ndi kukwezeka kwa pampu pamwamba pa thanki. Kukweza petulo ndi mita imodzi kumadya pafupifupi 1 psi. Kutentha nako kumakweza presha ya nthunzi. Petulo wa 9 psi pa mafiti 5,000 ali ndi mpata wa 3 psi wokha, ndipo paipi ikatenthedwa kufika 50°C mpatawo watha. Thovu limayamba, pampu imazungulira kapena kugunda pachabe, injini imatsamwa. Ndiyo vapour lock imeneyo, ndipo imakonda kubwera pokwera ndege itangonyamuka, injini ikumwa kwambiri, ndege itakhala nthawi yaitali padzuwa.

Amene akuulukira kumwera kwa Africa kuno asaione ngati nkhani yakutali. Bwalo la Tedderfield pafupi ndi Johannesburg, kumene kumachokera zida zomangira ndege za Sling, lili pamwamba pa mafiti 5,000, ndipo la Kamuzu ku Lilongwe lili pafupifupi mafiti 4,000. Onjezani dzuwa la mu Okutobala. Komanso petulo wa pa filing'i siteshoni ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982. Ethanol amakweza presha ya nthunzi, amamwa madzi, ndipo amafewetsa mitundu ina ya labala ndi ya zomatira mathanki. Kampani yopanga injini ya Rotax imalola ethanol wosapitirira 10 peresenti mu injini zake za 912. Lycoming, kampani inanso yopanga injini, siilola petulo wosakanizayu. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani madzi pang'ono m'botolo loonekera mkati, lembani chizindikiro pamene alekeza, onjezani petulo wochuluka kasanu ndi kanayi, khutchumulani, dikirani. Madzi akakwera kupitirira chizindikiro, muli ethanol.

Ndondomeko ya mapaipi

M'ndege ya mapiko apansi monga RV-7 kapena RV-9 za Van's Aircraft, mafuta aziyenda chonchi: kasefa kokhakhala ka m'kamwa mwa paipi m'thanki, valavu yosankhira thanki, sefa, pampu yothandizira, kubowola chipupa chotchinga moto, pampu ya pa injini, kachipangizo koyeza mayendedwe a mafuta, kenako kabureta kapena servo, chipangizo cholamula mafuta olowa m'injini ya injection (yopopera mafuta popanda kabureta). Kuchokera pa thanki kufika pa pampu yothandizira, njira ikhale yaifupi ndi yowongoka momwe mungathere, ndipo pasakhale china chilichonse kupatula valavu ndi sefa.

Kachipangizo koyeza mafuta kaja, kaya ndi FT-60 yofiira ya Electronics International kaya FloScan, kali ndi kabowo kopanikiza mkati. Ambiri amakaika pansi pa kabini chifukwa m'pofikirika. Ngati kali kumbuyo kwa pampu ya pa injini, ndiye kuti pampuyo ikuyamwa kudzera m'kabowoko nthawi yonse imene yothandizira ili yozimitsa. Kaikeni kutsogolo kwa pampu zonse ziwiri, pamene mafuta akukankhidwa.

Valavu ya ndege ya mapiko apansi ikhale ya kumanzere, kumanja ndi kutseka basi. Musaike yotsegula mathanki onse awiri pamodzi. Thanki imodzi ikatha kapena kamwa ya paipi yake ikavundukuka pokhota, pampu imayamwa mpweya wa m'thanki imeneyo chifukwa ndi wopepuka, n'kusiya mafuta odzaza m'thanki inayo. Valavuyo ikhalenso pamene maso ndi dzanja zikufika mutamanga lamba. Ndege ya Long-EZ imene inagwa ku Monterey Bay mu 1997 inali ndi chogwirira valavu kumbuyo kwa phewa lamanzere la woyendetsa, ndipo ofufuza anapeza kuti malo amenewo anathandizira ngoziyo.

Ndege ya mapiko apamwamba yokhala ndi kabureta nthawi zambiri imadalira mafuta otsika okha, ngati Cessna 172 zakale zimene zilibe pampu. Kumbukirani kungoti 0.5 psi, imene ndi presha yochepetsetsa imene Lycoming imafuna pakhomo pa kabureta, ikufuna mafuta akhale pafupifupi theka la mita pamwamba pa kaburetayo, ndipo mphuno ikaloza kumwamba kutalika kumeneku kumachepa. Ngati injini ili ndi pampu yakeyake, monga Rotax 912, yothandizira ikhale pansi pa kathanki kosonkhanitsira mafuta.

M'kabini kapena kutsogolo kwa chipupa

Apa omanga amagawanika, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. M'kabini, pansi kutsogolo kwa mtanda waukulu wa mapiko, m'pozizira, m'potsika ndipo m'pafupi ndi mathanki. Kuipa kwake n'kwakuti zolumikizira zonse za mafuta zili pakati pa miyendo yanu, ndipo kudontha pang'ono kumadzaza fungo m'kabini. Kutsogolo kwa chipupa kudontha kumagwera kunja, koma pampu ili m'ng'anjo, pafupi ndi ekizozi, ndipo paipi yoyamwira yatalika.

Ife timasankha m'kabini, kapena m'tsinde mwa phiko ngati muli malo. Kudontha mungakupewe ndi ntchito yosamala ndi kuyendera pafupipafupi. Kutentha kwa pansi pa chivundikiro cha injini simungakuthetse, mungangokuchepetsa. Pampu ya m'kabini ikhale ndi chivundikiro choti nsapato ndi katundu zisaigunde, chomasula ndi masikuluwu ochepa kuti musachite ulesi kuyang'anamo. Waya wamagetsi asadutse pansi pa zolumikizira mafuta. M'ndege zimene pampu imakhala m'ngalande ya pakati pa mipando, monga RV-10, ngalandeyo imatha kutentha kwambiri chifukwa cha ekizozi yodutsa pansi ndi mapaipi a mpweya wofunditsa kabini. Tchingani pansi pake ndi chipupa ndi zotchinga kutentha, ndipo pa maulendo oyamba ikanimo choyezera kutentha kuti muone nambala yeniyeni.

Mukakakamizika kuiika kutsogolo kwa chipupa, ikhale pansi, kutali ndi ekizozi, m'kabokosi ka aluminiyamu kolandira mpweya wozizira kudzera m'paipi ya inchi imodzi yochokera kumbuyo kwa zotchinga mpweya za pamwamba pa injini. Sefa yokhetsera madzi, gascolator ija, ikakhala komweko ilowenso m'kabokosiko. Mpweyawo umathandiza ndege ikamauluka. Ikaima itazimitsidwa kutentha kumalowa paliponse, n'chifukwa chake kunyamukanso patangopita mphindi 15 kapena 20 mutatera ndi nthawi yoopsa.

Kutsatana kapena kuyendera limodzi

Njira yofala ndi yotsatana: mafuta amadutsa m'pampu yothandizira, kenako m'pampu ya pa injini, paipi imodzi. Ndi yosavuta ndipo zolumikizira n'zochepa. Koma pampu yothandizirayo iyenera kulola mafuta kudutsa momasuka ikakhala yozimitsa. Mapampu a Facet ooneka ngati kabokosi amafanana kunja, koma ena ali ndi valavu yamkati imene imatseka kapena kupanikiza njira magetsi akazima. Facet 40108 ndi imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwambiri m'ndege za RV za kabureta, chifukwa imadutsitsa mafuta ndipo ili ndi zolumikizira mapaipi a ndege za saizi ya AN-6. Musagule ina chifukwa choti ikufanana nayo pa shelefu ya sitolo ya zida za galimoto. Werengani nambala ndi pepala lake, kenako yesani pa benchi pothira mafuta kuchokera pamwamba pampu ili yozimitsa.

Mapampu a presha yaikulu, a injini za injection, sadutsitsa mafuta mokwanira akaima. N'chifukwa chake a Airflow Performance, Andair ndi ena amabwera ndi njira yolambalala yokhala ndi valavu yolola mafuta kupita mbali imodzi yokha. Valavu imeneyi ili ndi muvi. Ikaikidwa chozondoka, injini imalira bwinobwino pampu yamagetsi ili yoyaka, n'kuzima mukangoizimitsa. Ikakanirira yotsegula, pampu imangozunguza mafuta pamalo amodzi, presha osakwera.

Njira yachiwiri ndi yoti mapampu awiriwo akhale ndi paipi yakeyake n'kukakumana pafupi ndi kabureta. Ubwino wake, imodzi ikatsekeka inayo ili ndi njira yake. Mtengo wake ndi zolumikizira zambiri ndi mavalavu oletsa mafuta kubwerera, ndipo chilichonse mwa izi chingathe kudontha kapena kukanirira. Tsatirani chithunzi cha wopanga injini kapena wopanga zida za ndegeyo. Apa si poyesera nzeru zatsopano.

Presha yoyenera injini yanu

Lycoming O-320 ndi O-360 za kabureta zimafuna 0.5 mpaka 8 psi, makamaka pafupi ndi 3. Pampu ya 4 mpaka 6 psi imakwanira. Yoposa 8 psi imagonjetsa kasingano ka m'kabureta, mafuta n'kusefukira. IO-360 yokhala ndi servo ya mtundu wa RSA imayenda ndi presha ya m'ma 25 mpaka 30 psi, ndipo Facet yaing'ono ija siingathandize kanthu pamenepo. Rotax 912 ULS imafuna 0.15 mpaka 0.4 bar (bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi), kapena 0.5 bar pa mapampu a pa injini atsopano. Yesani presha mapampu onse awiri akugwira, injini ikulira pang'onopang'ono, chifukwa m'pamene imakwera kwambiri.

Rotax imafunanso paipi yobwezera mafuta ku thanki, yokhala ndi kabowo ka mamilimita 0.35. Kabowoka kamatulutsa nthunzi ndi mafuta otentha, ozizira n'kumalowa m'malo. Ngati mathanki ndi awiri, mafuta obwerera azipita ku thanki imene mukumwamo, kudzera m'valavu yosintha njira ziwiri pamodzi. Apo ayi mudzadzaza thanki inayo mpaka mafuta kutayikira kunja pa paipi yopumira.

Injini monga Rotax 914 ndi 912 iS, ndi zambiri za injection yamagetsi, zilibe pampu yoyendetsedwa ndi injini. Kumeneko pampu yamagetsi ndiyo moyo wa injini, ndiye zikhale ziwiri, iliyonse ndi njira yake ya magetsi.

Mapaipi, zolumikizira ndi sefa

Pa injini za Lycoming za masilinda anayi, paipi ikhale ya 3/8 inchi, aluminiyamu wofewa wa 5052-O kapena 3003. Pindani ndi chopindira, osati pabondo. Paipi yophwatalala pa kona ndi sefa yotsekeka yosaoneka. Kona yopindika pang'onopang'ono imaposa cholumikizira cha madigiri 90 chobowoledwa, makamaka kumbali yoyamwa. Paipi isakwere n'kutsikanso, chifukwa pamwambapo pamakhala thovu ndipo pansipo pamakhala madzi.

Milomo ya mapaipi a ndege imafutukulidwa pa madigiri 37. Chida cha amakaniko a galimoto ndi a mafiriji chimafutukula pa 45. Zimamangika ndithu, mwina osadontha mwezi woyamba, kenako mlomo umang'ambika ndi kunjenjemera. Pa zolumikizira za mazinga opanikiza a NPT musakulunge tepi yoyera ya mapulambala. Tizidutswa take timakatseka valavu ya pampu kapena kabowo ka kabureta. Pakani phala losasungunuka ndi mafuta monga Loctite 567, kusiya mazinga awiri oyamba opanda kanthu. Pa milomo ya madigiri 37 musapake chilichonse.

Kuchokera pa chipupa kupita pa injini pakhale paipi yofewa yovekedwa chikopa chotchinga moto, chomangidwa kumapeto onse, popeza injini imagwedezeka pa mipira yake. Pampu ya pa injini ya Lycoming ili ndi kabowo kokhetsera. Kalumikizeni ku paipi yotulukira pansi pa ndege, kutali ndi ekizozi. Mukaona mafuta kapena oilo pakamwa pa paipiyo, chikopa cha m'pampu chang'ambika.

Sefa ya kumbuyo kwa pampu ikhale ya waya wachitsulo, yaikulu, ya timabowo ta ma micron pafupifupi 70 mpaka 100 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Yosalala kwambiri, ya ma micron 10, malo ake ndi kutsogolo kwa pampu pa injini za injection yamagetsi. Tisefa tapepala ta pulasitiki ta njinga zamoto tisalowe m'ndege: pepala limafufuma ndi madzi, pulasitiki imasungunuka ndi moto. Thanki yatsopano imatulutsa zinyalala zambiri kuposa mmene mungaganizire, tizidutswa ta aluminiyamu, timibulu ta zomatira, ulusi wa fiberglass. Tsegulani sefa mukamaliza kuyesa pansi, mutsegulenso pakatha maola ochepa oyamba, mpaka muziipeza yoyera.

Facet iikidwe chopendekeka pa madigiri pafupifupi 45, kotulukira kuli kumwamba, kuti thovu lizituluka lokha.

Magetsi

Facet imakoka ma amp osakwana awiri; fyuzi ya 5 amp ndi waya wa ndege wa 20 AWG (muyeso wa kunenepa kwa waya; nambala ikachepa, waya ndi wonenepa) zimakwanira. Mapampu a injection amakoka ochulukirapo, ndiye tsatirani pepala lake, nthawi zambiri 10 amp ndi waya wa 18 AWG kapena wokulirapo. Pampu ikhale ndi fyuzi yakeyake, yosagawana ndi nyale kapena mafulapu. Mapampu ena amatenga ethi kudzera m'thupi lawo; mukawakhazika pa mipira kapena pa penti, kokani waya wa ethi wapadera. Switchi ikhale pafupi ndi chowonjezera moto, yoti chala chiipeze osayang'ana, ndi kanyale kosonyeza kuti yayaka. Kachipangizo koyeza presha kamangidwe pa chipupa, osati pa injini, ndipo paipi yake iyambire pa cholumikizira cha kabowo kakang'ono kuti ikaduka mafuta asapopedwe onse pa injini yotentha.

Kuyesa ndi chidebe

Kuona presha pa geji sikutsimikiza kuti mafuta akuyenda okwanira. Paipi yotsekeka theka imaonetsa presha yabwino mpaka injini itayamba kumwa kwambiri. Bungwe la NTSB ku America, litafufuza ngozi za ndege zodzipangira mu 2012, linapempha kuti kuyesa kayendedwe ka mafuta kukhale kokakamiza ndege isanauluke koyamba. Ku Canada ndi ku Britain oyendera ndege zotere amafuna zotsatira zake zolembedwa. Malangizo a FAA, bungwe la boma la America loona za ndege, otchedwa AC 90-89, amapereka muyeso: 125 peresenti ya mafuta amene injini imamwa ponyamuka ngati pali pampu, 150 peresenti ngati mafuta amatsika okha.

Kawerengedwe kake, tengani mapaundi 0.55 a mafuta pa horsepower iliyonse pa ola. Injini ya 180 hp ikhala mapaundi 99, amene ndi magaloni 16.5 kapena malita 62.5 pa ola. Ndi pampu mukufuna malita 78 pa ola, kutanthauza malita 1.3 pa mphindi. Popanda pampu, malita 94 pa ola. Rotax 912 ULS imamwa malita 27 pa ola ponyamuka, ndiye mukufuna malita 34, paipi yobwezera ili yolumikiza.

Chitani izi panja, chozimitsira moto chili pafupi, ndege ndi chidebe chachitsulo zitalumikizidwa ndi waya ku ethi imodzi. Kwezani mphuno kuposa mmene idzakwerere pouluka ndi madigiri 5. Ena amakweza mateyala akutsogolo pa matabwa olimba, ena amatsitsira mchira m'dzenje. M'thanki mukhale mafuta ochepa, osati odzaza. Masulani paipi pakhomo pa kabureta kapena servo, ndipo kamwa yake ikhale pa msinkhu womwewo. Mukaitsitsira pansi pa chidebe mudzadzinamiza chifukwa mafuta adzakokedwa ndi kutsikako. Pa injini ya injection ikani kavalavu kumapeto kwa paipi, mutseke pang'ono mpaka geji ionetse presha yochepetsetsa imene injini imalola, ndipo muyeze pamenepo. Yatsani pampu, werengani mphindi ziwiri kapena zitatu pa wotchi, yezani malita. Bwerezani pa thanki inayo. Pomaliza siyani pampu ipope mpaka iyambe kulavula mpweya, zimitsani pomwepo chifukwa mapampu ozungulira amapsa akayenda ouma, ndipo mafuta otsala m'thanki ndiwo osagwiritsika. Alembeni m'buku la ndege.

Mukapeza ochepa, musathamangire kugula pampu yaikulu. Yezani chigawo ndi chigawo kuyambira ku thanki. Kawirikawiri wolakwa ndi paipi yopindika moipa, valavu ya kabowo kakang'ono, zomatira zotseka kasefa ka m'thanki, kapena paipi yopumira yotsekeka. Mavu oumba zisa zadothi amakonda kamwa ya paipi yopumirayi. Ikani kasefa kawaya ndipo muziisuzumira musananyamuke.

Zizindikiro ndi kagwiritsidwe ntchito

Musanalize injini yatsani pampu ndi kumvetsera. Facet imagunda mofulumira ndi mokweza ikakhala ndi mpweya, kenako kugundako kumazama n'kuchedwa presha ikakwera. Ikapitiriza kugunda mofulumira, ikuyamwa mpweya penapake kapena thanki mwasankhayo ilibe kanthu. Kudontha kwa kumbali yokankha kumasiya banga labuluu la utoto wa 100LL. Kumbali yoyamwa nthawi zina sikusiya banga lililonse, chifukwa mpweya ndiwo ukulowa. Mudzangoona singano ya presha ikuvina, n'kukhazikika mukayatsa pampu ngati bowolo lili kutsogolo kwake.

Zimitsani pampu polizira ndi poyendetsa ndege pansi, kuti pampu ya pa injini idzionetse kuti ili moyo. Pa Lycoming ndi Rotax 912 za kabureta, iyatseni ponyamuka, potera, posintha thanki, ndi nthawi iliyonse presha ikagwa. Mukakwera pamalo otetezeka, zimitsani diso lili pa geji ndipo chala chisachoke pa switchi kwa masekondi angapo. Injini za injection za Continental zili ndi khalidwe lina: presha ndiyo imalamula kuchuluka kwa mafuta olowa, ndiye kuyatsa pampu mwamphamvu pampu ya pa injini ili bwino kungathe kuzimitsa injini ndi mafuta ochuluka. Pamenepo tsatirani buku la injiniyo.

Ndege zovomerezeka za m'mafakitale zimayesedwa ndi mafuta otentha 43°C. Inunso, m'nyengo yoyesa ndege yanu, sankhani tsiku lotentha, isiyeni padzuwa ndi mafuta amene mudzagwiritse ntchito masiku onse, kwerani mozungulira pamwamba pa bwalo, ndipo mukafika pamwamba poti mutha kutera injini itazima, zimitsani pampu n'kulemba presha pa mafiti 1,000 aliwonse.